Dodo wonenepa ndi dodo wa miyendo, Loweruka ku Oxford

Loweruka usiku. Miyendo ikuwawa koma ndilembe zisanandithawe m'mutu.

Lero sindinali pa shifiti, ndiye achimwene anandigwetsera ntchito yoperekeza Tadala ku Oxford. Aphunzitsi ake anawauza kuti aliyense ajambule nyama imene inatha padziko, ndipo iye anali atasankha kale dodo, mbalame yosauluka imene inkakhala pa chilumba cha Mauritius, ati chifukwa ndi yoseketsa. Tinakwera sitima ya m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kaleka, kenako tinayenda wapansi mpaka ku Parks Road kumene kuli myuziyamu ya zachilengedwe ya yunivesite. Polowa salipiritsa. Nyumbayo anaitsegula mu 1860, denga lake ndi lagalasi, logwiridwa ndi nsanamira zachitsulo, moti ngakhale tsiku la mitambo ngati lero mkati mumawala. Pakati pali mafupa a zinyama zikuluzikulu zamakedzana, ana ali piringupiringu pansi pake. Tadala sanaziyang'ane n'komwe. Anandikoka dzanja mpaka pa kabati ya dodo.

Anakhala pansi, kope pamwendo, pensulo m'manja. Sipanapite nthawi anatembenuka.

"Azakhali, ndijambule uti? Sakufanana."

Ndinaweramira pafupi, ndipo mwanayo amanena zoona. Pali chithunzi chachikulu chapenti chimene Jan Savery anajambula mu 1651: chimbalame chonenepa, chimimba chotsala pang'ono kukhudza pansi, timiyendo tatifupi, nkhope yonga ya munthu amene wakhuta mpaka kuiwala kwawo. Ndiye pali mafupa oimikidwa. Mafupawo akunena zina. Miyendo yake ndi yolimba, ya cholengedwa choyenda mtunda, chokwera miyala. Kusiyana kwake kuli ngati kwa nkhuku yoyera ya m'khola yodyetsedwa usana ndi usiku, ndi nkhuku yachikuda imene umaithamangitsa mudzi wonse alendo akafika.

Mayi wina wachikulire wodzipereka kuthandiza alendo anatimva tikukambirana, ngakhale sanamve chinenero, n'kubwera. Anatiuza kuti mutu ndi phazi zimene tikuona m'galasimo n'zoumba potengera zenizeni. Zenizenizo amazisunga kuseri chifukwa n'zosachedwa kuwonongeka, ndipo padziko lonse ndi mutu wokhawo wa dodo umene udakali ndi khungu. Mbalameyo inali m'gulu la zinthu zodabwitsa zimene banja la a Tradescant linkasonkhanitsa ku London, ndipo inalembedwa m'kaundula wawo wa 1656. Kenako zinthuzo zinapita kwa Elias Ashmole, n'kubwera nazo ku Oxford. Pofika 1755 inali itafumbwa kwambiri moti anangopulumutsako mutu ndi phazi. Ndinkamva kale nkhani yoti anaiponya pamoto wina n'kuphulapo mutuwo, koma mayiwo anaseka, ati akatswiri masiku ano saikhulupirira nthano imeneyo.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi china. Mu 2018 anaunika mutuwo ndi makina a ku yunivesite ya Warwick, n'kupeza tizipolopolo tamtovu kumbuyo kwa chigaza ndi m'khosi. Inachita kuwomberedwa ndi mfuti. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ndi dodo yemweyo amene Hamon L'Estrange anamuona wamoyo ku London cha m'ma 1638, akuonetsedwa m'kachipinda kena, mwiniwake akumupatsa miyala kuti ameze anthu aziona. Mwina ndi yemweyo, mwina ayi. Tadala anafunsa chifukwa chimene mbalame ingamezere miyala, ndipo ndinayamba kumufotokozera za nthutumba. Mwana wobadwira kuno, nkhuku amaidziwa ili kale m'pulasitiki, ndiye phunzirolo linatenga kanthawi.

Tinakwera pamwamba kukamwa tiyi, ndipo ndi pamenepo ndinatulutsa foni n'kuyamba kufufuza zithunzi zinazo. Apa ndiye tsiku langa linathera, tiyi mpaka kuzizira.

Amalinyero achidatchi anafika pa chilumba cha Mauritius mu 1598. Panalibe munthu wokhalapo. Patangopita zaka zitatu, mu 1601, sitima yotchedwa Gelderland inaima pamenepo, ndipo m'buku la ulendo wake muli zojambula za dodo zimene akatswiri amati ndi za Joris Laerle. Uyu anajambula mbalame ili pamaso pake, yamoyo kapena yongophedwa kumene. Ndinakuza chithunzicho pa foni mpaka mizere kuoneka. Si zokongola ayi, ndi mizere yofulumira ya munthu wogwira ntchito, pena wabwereza, pena wakonza. Koma mbalameyo yaima chilili, khosi lili m'mwamba, miyendo yamphamvu, mulomo waukulu wopindika kunsonga woti utakujompha sungaiwale. Bukulo linakhala m'nkhokwe ya zikalata ku Netherlands kwa zaka zoposa 250 anthu asanalitulukirenso m'zaka za m'ma 1860.

Chachiwiri n'chimene ndachikonda kuposa zonse. Chinajambulidwa ku India m'zaka za m'ma 1620, ndipo amati ndi dzanja la Ustad Mansur, wojambula wa mfumu Jahangir, munthu amene ntchito yake inali kujambula mbalame, nyama ndi maluwa molondola. Dodo wake waima pakati pa mbalame zina, thupi lake lofiirira modera, mutu wotuwirapo, wosanenepa mopitirira. Chimene chimapangitsa akatswiri kuchikhulupirira n'chakuti mbalame zinazo pa pepalalo zimazindikirika bwinobwino mtundu wake ndi maonekedwe ake, ndiye palibe chifukwa choganizira kuti pa dodo pokha ndiye anapeka. Komanso Mngelezi wina woyenda malonda, Peter Mundy, analemba kuti anaona madodo awiri amoyo ku Surat cha nthawi yomweyo. Chithunzichi nacho chinasowa m'maso mwa anthu mpaka m'zaka za m'ma 1950 pamene chinapezeka ku Russia, mu mzinda umene pano ndi St Petersburg.

Ndiye zithunzi za anthu amene anaiona mbalameyo zinagona m'madirowa, ndipo chimene chinayenda dziko lonse ndi cha banja la a Savery. Roelant Savery, bambo aang'ono a Jan uja (Jan anali mwana wa m'bale wake), anagwirapo ntchito ku Prague kwa mfumu Rudolf II, amene ankasonkhanitsa nyama zachilendo, zamoyo ndi zouma zomwe. Roelant anajambula dodo maulendo osachepera khumi, kawirikawiri pakona ya chithunzi chodzaza nyama, za m'munda wa Edene kapena za chingalawa cha Nowa. Chotchuka kwambiri ndi cha cha m'ma 1626, chimene George Edwards anadzachipereka ku British Museum mu 1759. Akatswiri amatsutsanabe ngati Roelant ankayang'ana mbalame yamoyo yonenepetsedwa m'khola, kapena chikopa chouma chimene wina anachiphatika udzu mopitirira muyeso. Jan anatengera kwa Roelant n'kuwonjezera mafuta. Ena anatengera kwa Jan. John Tenniel atajambula dodo m'buku la Alice la Lewis Carroll mu 1865, chimbalame chija chinalowa m'chipinda cha mwana aliyense, chitagwira ndodo. Carroll ankaphunzitsa masamu konkuno ku Oxford ndipo ankabwera m'nyumba yomweyi.

Sindikuwada ojambulawo. Roelant sankalemba buku la sayansi, ankagulitsa zithunzi kwa anthu olemera ofuna kuona zodabwitsa pakhoma. Amene wandikwiyitsa lero ndi Richard Owen, katswiri wamkulu wa mafupa pa nthawiyo. M'chaka chomwecho cha 1865, mphunzitsi wina wa ku Mahébourg ku Mauritius, George Clark, anapeza mafupa ambiri a dodo m'dambo la Mare aux Songes. Mafupa aja atafika ku London, Owen anawalongosola mu 1866, ndipo pofuna kuonetsa mmene anakhalira m'thupi, anatenga mzere wozungulira dodo wa Savery n'kuwalowetsa mmenemo. Tangoganizani. Umboni uli m'manja mwake, koma anaupinda kuti ukwane m'chithunzi cha munthu amene mwina sanaionepo mbalameyo ikuyenda. Zotsatira zake zinali mbalame yonyonyomala, yolemera kumbuyo. Atalandira mafupa ena anadzakonza n'kuiimika bwino, izi timuyamikire, koma chithunzi choyamba chinali chitafalikira kale.

Ndinamufotokozera Tadala zimenezi mwachidule. Iye anangoti, "Ndiye anabera?" Ndinati si kubera kwenikweni, koma sindinapeze mawu abwino omutetezera bamboyo.

Zinatenga mpaka 1993 kuti Andrew Kitchener wa ku Edinburgh ayeze mafupa, aumbe matupi oyerekeza, n'kunena kuti dodo wa m'tchire ankalemera pakati pa makilogalamu 10.6 ndi 17.5, osati oposa 20 monga ankanenera kale. Kafukufuku wina wa 2011 anatsitsanso kufika cha pa 10. Mu 2016 ena anaunika mkati mwa chigaza n'kupeza kuti ubongo wake unali wolingana ndi thupi lake monga zilili ndi nkhunda, ndipo mbali yonunkhizira inali yaikulu. Inde, nkhunda. Dodo ndi wa banja la nkhunda ndi njiwa. Johannes Reinhardt wa ku Copenhagen ananena zimenezi mu 1842 anthu n'kumuseka, kenako Hugh Strickland ndi Alexander Melville anaunika mutu wa ku Oxford womwewu utasendedwa khungu mbali imodzi n'kumuvomereza mu 1848. Mu 2002 DNA yochokera ku phazi la mbalame yomweyi inaonetsa kuti m'bale wake wapafupi amene ali moyo ndi nkhunda ya ku Nicobar, ya nthenga zobiriwira zonyezimira. Tadala ataiona pa foni anakana, ati sizingatheke kuti kambalame kokongola chonchi kakhale pachibale ndi "chigogo" chija.

Apa m'pamene ndikuona kuti chithunzi si chinthu chosalakwa. Ukaona chimbalame chonenepa, chopusa nkhope, mtima umangoti chinadzipha chokha, chikanathawa bwanji. Mlandu umachoka pa anthu. Koma mbalameyi inakhala pa chilumbacho kwa zaka zosawerengeka, ikupirira chilala ndi namondwe. Mafupa ambiri a ku Mare aux Songes ndi a mbalame zimene zinafa pa chilala cha zaka pafupifupi 4,200 zapitazo, ndipo mtunduwo unapulumuka. Chimene sinapirire ndi zimene zinatsika m'sitima: nkhumba, makoswe, apusi, amphaka, zonse zodya mazira ndi anapiye a mbalame yoikira pansi. Amalinyero ankaipha n'kudya, inde, koma anthu okhala pachilumbapo nthawi ya Adatchi anali ochepa kwambiri. Umboni womaliza wa dodo wamoyo umene ambiri amauvomereza ndi wa 1662, wa Volkert Evertsz amene sitima yake inasweka. Kuchokera 1598 ndi zaka 64 zokha. Inatha anthu asanaijambule mokwanira, n'chifukwa chake mpaka lero mtundu weniweni wa nthenga zake ndi nkhani yokangana.

Tinatsikanso pansi. Tadala anaganiza yekha zojambula mafupa poyamba, mopepuka, kenako n'kuwaveka thupi pamwamba, mtundu n'kutengera kwa Mansur. Miyendo inamuvuta, anafufuta mpaka pepala kuyamba kutuwa, ndipo mulomo unatuluka waukulu kuposa mutu. Koma mbalame yake ikuoneka yoti ikhoza kuthamanga. Pansi analemba dzina la Mansur ndi la Laerle, ndinachita kumutchulira chilembo chimodzichimodzi. Mayi aja anabweranso kudzaona, n'kutiuza kuti mafupa athunthu a dodo mmodzi, osaphatikiza a mbalame zosiyana, anawapeza ndi wometa tsitsi wa ku Port Louis, likulu la Mauritius, Etienne Thirioux, cha m'ma 1904, akufufuza m'mapanga a m'mapiri pa nthawi yake yopuma. Amenewo ali ku Port Louis komweko. Ena amene anasonkhanitsa anagulitsidwa ku myuziyamu ya ku Durban mu 1918. Ndawalembera uthenga asisi anga okhala kumeneko kuti akaone, ayankha kuti iwo Loweruka amachapa.

Tinalowako pang'ono ku myuziyamu ya Pitt Rivers, khomo lake lili kumbuyo kwa nyumba yomweyo, koma mwana anali atatopa ndipo njala inali itayamba kulankhula. Tinadya tchipisi panjira yopita ku siteshoni.

M'sitima anagona, ine n'kupitiriza kuwerenga, ndipo ndinakumana ndi nkhani ya dodo woyera. Ojambula awiri achidatchi, Pieter Holsteyn ndi Pieter Withoos, anasiya zithunzi za dodo wa nthenga zoyera, zimene zikuoneka kuti gwero lake ndi chithunzi china cha Roelant Savery yemweyo cha cha m'ma 1611. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 anazilumikiza ndi malipoti a apaulendo onena za mbalame yoyera ya pa chilumba cha Réunion, n'kulengeza kuti kunali mtundu wachiwiri wa dodo. Unalowa m'mabuku, unapatsidwa dzina la sayansi. Pa Réunion sipanapezekepo fupa la dodo ngakhale limodzi. Mafupa amene anafukulidwa kumeneko n'kulongosoledwa mu 1987 anali a mbalame ya mtundu wa ibis, ya mulomo wautali wowonda, ndipo pofika 1995 zinadziwika kuti imeneyo ndiyo apaulendo aja ankanena. Ku Natural History Museum ku London, kumene kuli chithunzi cha Savery cha 1626 chija, alinso ndi madodo awiri oumba, ovekedwa nthenga za mbalame zina, wina wotuwa wina woyera. Tadala akadzatsekera sukulu tidzapita kukawaona onse awiri.