Tsiku lomaliza ku Dubai

Ndakhala pakhonde kuno ku Katoto, ku Mzuzu, juzi ndavala, kachifunga kakutsika, koma mtima ukadali pa tsiku lomaliza lija ku Dubai. Ndinalawira m'mamawa ndisanalongeze n'komwe kuthamangira ku Bur Dubai kuti ndikakwerenso abra, kaboti kamatabwa kaja kowolotsa anthu pa Creek, 1 dirham basi, injini ili phokoso, madzi akuthovukira m'mapazi, kutsidyako fungo la ku Spice Souk, msika wa zokometsera zakudya, likukulandira usanatsike, ine duu kumangoyang'ana. Burj Khalifa, nyumba yosanja ya mamita 828 ija, ndinaiona inde, koma chinandigwira mtima ndi kaboti kameneka.

Masana nkhani inali ya sikelo. Chikwama chisapyole makilo 23, ndiye chotsa ichi bwezera icho, nsalu ya amayi sindikanaisiya, perefyumu wa achemwali ayinso, mapeto ake nsapato zanga zakale ndi zomwe zinatsala ku hotela. Amayi anaimba pa WhatsApp, "Mwanawe uyende bwino, usipa ndakusungira, udzadyera kondowole." Misozi inalengeza, zoona.

Usiku ndege, kusintha ku Addis Ababa, kutera ku Lilongwe, kenako basi pa M1. Titalowa mu Chikangawa ndinatsegula windo kuti kamphepo kozizira kaja kandiwombe kumaso.