Sabata imodzi m'munsi mwa mitambo ya matalala

Ku America munthu amapeza laisensi yoti azilipidwa poyendetsa ndege akakwanitsa maola cha m'ma 250 ali mumlengalenga, koma makampani akuluakulu onyamula anthu nthawi zambiri samulemba ntchito asanafike maola 1,500. Maola a pakatiwa aliyense amawasaka m'mene angathere. Anzanga ambiri akuphunzitsa ena kuuluka, ena amanyamula anthu odumpha ndi parachuti. Ine ndinalowa ntchito ya cloud seeding kumadzulo kwa North Dakota, komwe kuyambira June mpaka August timafesa mankhwala m'mitambo kuti matalala asaphwanye tirigu, canola ndi mpendadzuwa. Kusukulu anatiuza mobwerezabwereza kuti mtambo woopsa wa mabingu uziulambalala patali, mamailosi 20 osachepera. Pano ntchito yathu ndi kukauluka m'munsi mwake mwenimweni, ndipo zimenezi zimafuna kuti munthu aphunzirenso kuona.

Lolemba kunacha kumwamba kuli mbee. Katswiri wa zanyengo amene amakhala pa rada, makina oonera mitambo, m'tauni ya Bowman anatiuza kuti chinyezi n'chochepa, tisayembekezere kanthu. Tsiku lotere timathera pa ndege yathu, Piper Seneca ya mainjini awiri. Kunsonga kwa phiko lililonse kuli kathanki ndi choyatsira, momwe mumayaka mankhwala ofesera m'mitambo aja, silver iodide yosungunulidwa mu acetone, ndipo kumbuyo kwa mapiko kuli mizere ya maflare, timachubu totulutsa utsi wa mankhwala omwewo, amene amayaka pomwepo tikadina batani. Kudzaza mathankiwo ndi udindo wanga monga wothandizira akaputeni, wa mpando wa kumanja. Ndimavala magolovesi ndi magalasi, chifukwa acetone sachedwa kugwira moto, ndipo mankhwalawo akadontha pamalaya banga lake silichoka.

Anthu ambiri amaganiza kuti timapanga mitambo. Ayi ndithu. Kumwamba kukayera, palibe chimene tingachite. Timagwira ntchito ndi mtambo umene ulipo kale. M'kati mwa mtambo waukulu mumakhala timadontho ta madzi tozizira kupitirira 0°C koma tosaundana, ndipo tikhoza kukhala choncho mpaka cha m'ma -40°C ngati tasowa kanthu koundanirapo. Matalala amakula tizidutswa tochepa ta ayezi tikamatengedwa ndi mphepo yokwera n'kumameza timadontho timeneti tokhatokha. Silver iodide kapangidwe kake n'kofanana kwambiri ndi ka ayezi, choncho madzi amayamba kuundanirapo kuyambira cha m'ma -5°C. Tikaiwaza, tizidutswa ta ayezi timachuluka n'kumalimbirana madzi omwewo, ngati mbewu zambiri paphando limodzi, palibe imene imanenepa. Matalala ang'onoang'ono amasungunuka asanafike pansi, kapena akafika savulaza mbewu kwenikweni. Nzeru imeneyi inayamba mu 1946 pamene Vincent Schaefer wa ku General Electric anawaza dry ice, mpweya wa carbon dioxide woundana, mumtambo pamwamba pa phiri la Greylock ku Massachusetts, ndipo posakhalitsa mnzake Bernard Vonnegut anapeza kuti silver iodide imagwiranso ntchito yomweyo.

Lachiwiri linapita ndi kudikira. Foni m'thumba, osapita kutali ndi bwalo la ndege, osalawa mowa, kaya ndi masana kaya ndi usiku. Amene mukuganiza zobwera kuno chifukwa cha maola, dziwani kuti masiku otere ndi ambiri, ndipo m'buku lanu la maola simulembedwa kanthu.

Lachitatu ndi limene ndikufuna kufotokoza bwino. Kuyambira m'mawa mphepo ya kum'mwera inkabweretsa chinyezi, ndipo pofika madzulo mitambo inali itayamba kutukumuka chakumalire a Montana. Foni italira tinathamanga, ndipo tikunyamuka n'kuti mtambo umodzi utasiyana ndi inzake, mutu wake utayalika m'mwamba.

Sitifesa pamene mvula ikugwa. Timafuna mbali imene mtambo ukukokera mpweya, kawirikawiri chakum'mwera kapena kum'mwera chakum'mawa, pamene pansi pake pali pakuda, posalala, popanda dontho. Akaputeni anaikhazika ndege mafiti mazana angapo m'munsi mwa mtambowo n'kundiuza kuti ndiyang'ane singano yoonetsa kukwera. Anabweza mphamvu ya mainjini, komabe ndege inkakwerabe mafiti oposa 1,000 pa mphindi. Chimene chimandidabwitsa nthawi zonse ndi kusalala kwa mpweya pamenepo. Ndege sigwedezeka, imangonyamulidwa, pamene chakumanja kwako kuli chimpanda cha matalala choyera mobiriwirako, mphezi zikuthwanima m'kati mwake. Kusalala komweko ndiye msampha, chifukwa ukatayirira pang'ono mtambo umakumeza, ndipo Seneca ilibe mphamvu yolimbana ndi za m'katimo.

“Yatsa tsopano, mng'ono wanga,” anatero akaputeni. Ndinayatsa mathanki onse awiri, kenako flare imodzi, n'kulemba nthawi, malo ndi mphamvu ya mphepo yokwera. Utsiwo sitiuponya mumtambo, mtambo umaukoka wokha n'kukafika nawo kumene kukuzizira. Tinayenda uku ndi uku kutsogolo kwa namondweyo, ndipo pokhota paliponse akaputeni ankakhotera kumbali yoyera, osati kumtambo. Asanakhote ankandifunsa kuti, “Zikavuta tithawira kuti?” Sankafunsa chifukwa chosadziwa. Ankafuna kuti diso langa lizolowere kusunga njira yotulukira. Pawailesi tinkamva anzathu a ndege yaikulu amene amafesa kuchokera pamwamba. Iwo amadutsa m'timitu tatsopano ta mtambo pamene pali cha m'ma -10°C, ndipo ayezi akayamba kumata pamapiko amadziwa kuti madzi ozizira aja alipo, n'kuyamba kugwetsa mankhwala.

Patapita nthawi akaputeni anandilozera pansi. “Taona fumbi likutumphuka m'minda umo. Mtambo wayamba kulavula mphepo yozizira, tichoke.” Rada inali isanaonetse kanthu, ndipo katswiri wa zanyengo ankati tikhoza kupitiriza. Ndinafunsa kuti, “Akaputeni, bwanji osamaliza kaye mzere uno?” Anangopukusa mutu n'kukhota. Tisanapite patali mphepo ija inatipeza n'kutigwedeza mpaka buku langa linagwa pansi. M'ntchito ino wa pansi amaona mtambo wonse, koma mawu omaliza ndi a amene ali m'munsi mwake, ndipo ndikuona kuti ziyenera kukhala choncho.

Matalala anagwabe m'minda ina usiku umenewo.

Lachinayi ndikugula mafuta a galimoto, bambo wina wachikulire anaona chizindikiro cha ndege pajekete langa. “Kodi ndinu amene mukuthamangitsa mvula yathu?” anandifunsa, osati mwaukali, koma ngati munthu wotopa. Anati amaona mtambo ukubwera, amamva ndege, kenako mtambo umabalalika munda wake uli gwaa. Ndinawayankha kuti, “Bambo, mitambo yambiri imafa yokha ngakhale kumene kulibe ndege, ndipo cholinga chathu n'chakuti mvula iwonjezeke, matalala achepe.” Sanakhutire, ndipo ine sindiwaona ngati osazindikira. Vuto la ntchito yathu ndi lakuti matalala amene sanagwe palibe angawaonetse, ndipo palibe mitambo iwiri yofanana yoti umodzi ufesedwe wina usiyidwe n'kuyerekeza. Pa nkhani ya chipale chofewa m'mapiri umboni ulipo wooneka. Kafukufuku wa SNOWIE ku Idaho mu 2017 anaonetsa pa rada mizere ya chipale ikutsatira njira imene ndege inadutsa. Pa matalala akatswiri akukanganabe. Ndalama za ntchitoyi zakhala zikuchokera ku misonkho ya maboma ang'onoang'ono (county) pamodzi ndi boma la North Dakota, choncho mlimi ali ndi ufulu wofunsa, ndipo anthu a ku Ward County anavota mu 2020 kuti asiye. Ineyo ndimakhulupirira kuti ntchitoyi imathandiza, koma sindingauze mlimi kuti mtambo wakutiwakuti ndinaugonjetsa ndine. N'chifukwa chake zolemba za m'ndege ndimazisamala kwambiri, popeza ndi zokhazo zimene ofufuza angagwiritse ntchito.

Lachisanu tinanyamuka pakati pa usiku. Kuuluka mumdima pafupi ndi namondwe n'kovuta mwa mtundu wina, chifukwa pansi pa mtambo umapaona pokhapokha mphezi ikang'anima, kenako umasunga chithunzicho m'mutu mpaka ina ing'animenso. Tinali titangopeza mphepo yokwera pamene wailesi inatiuza kuti tizimitse zonse. Kunali chenjezo la tornado, kamvulumvulu wamkulu woononga, pa mtambo womwewo, ndipo lamulo la ntchitoyi ndi lakuti pakakhala tornado kapena chiopsezo cha madzi osefukira, kufesa kumaima. Malamulo otere ali ndi mbiri yake. Pa 9 June 1972 madzi osefukira anapha anthu 238 ku Rapid City ku South Dakota, tsiku limene mitambo ina ya m'deralo inafesedwa. Ofufuza anapeza kuti kufesako sikunayambitse tsokalo, koma chikayiko chinatsalabe m'mitima ya anthu kwa zaka zambiri. Tinazimitsa, tinalemba nthawi, n'kukatera pabwalo lina kudikira kuti mkuntho udutse pa lathu.

Loweruka makaniko anafufuza ndege yonse, makamaka mphuno ndi kutsogolo kwa mapiko kumene matalala amamenya, ndipo anapeza kuti choyatsira cha kumanzere chatsekeka ndi mwaye. Ndinamuthandiza kuchimasula ndi kuchitsuka, kenako ndinakhala pansi kulemba malipoti a maulendo a sabatayo, kuwerengera maflare amene anapsa ndi mankhwala amene atsala. Lamlungu katswiri wa zanyengo anati chinyezi chibwereranso Lachiwiri, mphepo ya m'mwamba ili yamphamvu kuposa ya Lachitatu lapitali. Akaputeni andiuza kuti mtambo ukadzakhala wofatsa ndidzagwira ndine chiwongolero m'munsi mwake, iwo adzalemba.