Zikomo nonse amene munatithandiza kudzutsa injini ya Bombardier B12

Injini ya B12 ija, galimoto yakale yoyenda pa chipale chofewa, yalira, ndipo yatha ola lathunthu osatentha mopitirira muyeso. Tikuthokoza nonse amene munasaka nafe masipeya, makamaka inu achikulire amene munazigwirapo injini zakale za Chrysler ndipo simunatibisire nzeru.

Uphungu umene unatipulumutsa ndi wakuti tileke kufunsa masipeya potchula dzina la galimoto. B12 ndi galimoto ya malamba yoyenda pa chipale chofewa, inkapangidwa ku Valcourt m'chigawo cha Quebec ku Canada m'zaka za m'ma 1940, ndipo ogulitsa ambiri sayidziwa n'komwe. Koma injini yathuyi ndi Chrysler flathead (ya mavalavu okhala m'buloko, osati m'hedi) ya masilinda 6, ya mtundu womwewo umene unkaikidwa m'malole a Dodge, m'makina okololera a Massey-Harris ndi m'ma forklift. Mukafunsa choncho, masipeya amapezeka.

Inu bambo amene munaumirira kuti tiyambe tayeza hedi tisanagule gasiketi, zikomo kwambiri. Mabuloko a injinizi alipo awiri, wa mainchi 23 ndi wa mainchi 25 m'litali mukayeza hedi, ndipo gasiketi ya wina silowa pa mnzake. Chosokoneza n'chakuti injini ya 218 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch) ya ku America ndi yaifupi pamene 218 yopangidwa ku Windsor, Ontario, ndi yaitali. Nambala yodindidwa kumanzere kwa buloko, chakutsogolo m'munsi mwa hedi, imathandiza, komabe tepi yoyezera ndiyo sinama. Pa buloko wautaliwo, injini za 237, 251 ndi 265 zili ndi silinda yofanana kukula, mainchi 3 7/16 m'mimba mwake, koma pisitoni imayenda mtunda wosiyana: mainchi 4 1/4, 4 1/2 ndi 4 3/4. Choncho crankshaft ndi ma rod sizisakanizidwa, ngakhale zikuoneka ngati n'zimodzi.

Mayi amene munatitumizira paipi yogawa madzi, sitidzaiwala. Paipi imeneyi imabisala m'kati mwa buloko kuseri kwa pampu ya madzi, ndipo ntchito yake ndi kupopera madzi ozizira pamene pamakhala mavalavu otulutsa utsi. Ikadyeka ndi dzimbiri madzi amangozungulira kutsogolo, masilinda akumbuyo n'kumatentha mpaka mavalavu kupsa. Anthu ambiri amathamangira kusintha radiator, vuto lili m'kati. Kuitulutsa n'kovuta: mumachotsa pampu, kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri kwa masiku angapo, kenako kukoka pang'onopang'ono ndi chitsulo chokowera. Ikaduka, zidutswa zonse zituluke musanalowetse yatsopano. Ife tikuona kuti aliyense wotsegula injini yotere aisinthe basi, ngakhale injiniyo isanayambe kutentha.

Amisiri amene munapala crankshaft ndi 0.010 ya inchi n'kuyeza mpata wa ma bearing ndi Plastigage (kaulusi ka pulasitiki koyezera mpatawo), ntchito yanu ndi yaukhondo. Tinatsatiranso zimene munanena pa mabawuti a hedi: kumanga kuyambira pakati kupita kunja, ma foot-pound 65 mpaka 70 pa sipanala ya torque (yoyeza mphamvu yomangira), n'kubwereza injini itatenthapo koyamba, chifukwa gasiketi yatsopano imaphwa. Mawaya a mapulagi amatsata dongosolo la mmene masilinda amayakira: 1-5-3-6-2-4.

Tithokozenso amene munatikumbutsa kuti magalimoto ambiri a Chrysler chisanafike chaka cha 1956 anali a mavoti 6, positive ya batire ndiyo yopita ku chitsulo cha galimoto. Koyilo ikalumikizidwa mozondoka moto wa mapulagi umafooka, ndipo kukazizira kwambiri injini imavuta kulira.

Zatsala pisitoni ziwiri zabwino ndi pampu ya oyilo imodzi. Amene mukudzutsa injini ya 251 tiuzeni, tikupatsani ulere monga mmene ifenso tinalandirira.