Zomwe ndikuphunzira pa kujambula mwezi

Mwezi ndi kanthu kakang'ono kwambiri kumwamba kuja, maso athuwa ndi omwe amatinamiza. Ukamatuluka madzulo uli psuu kuseri kwa mitengo umaoneka chimwezi chachikulu zedi, munthu nkutulutsa foni kuti ajambule, koma pa screen pamangobwera kadontho koyera mbee kopanda ndi mawanga omwe. Anthu ambiri amati vuto ndi foni, ena amati kamera yotchipa, koma chiyambireni kuwerenga za kujambula usiku ndaona kuti nkhani yake ndi masamu basi. Mwezi ndi wa makilomita 3,474 m'mimba mwake ndipo uli pa mtunda wa pafupifupi makilomita 384,400, ndiye kuthamboko umangotenga theka la digiri. Tambasulani mkono, kachala kakang'ono kakumapetoko kamauphimba wonse, kaya uli pansi potuluka kaya uli paliwombo. Kukula komwe timaona ukamatuluka kuja kumachitika m'mutu mwathu, kamera siikuona zimenezo.

Pali kawerengedwe kosavuta komwe kandithandiza. Tengani utali wa lenzi yanu, nambala ya mm yolembedwa pa lenzipo, mugawe ndi 110, yankho lake ndi kukula kwa mwezi mu mamilimita pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera komwe kamalandira chithunzi. Lenzi ya 50mm imakupatsani mwezi wosakwana ndi theka la milimita lomwe, pa sensa ya mamilimita 36 kwa 24. Ya 600mm, ija yolemera yodula ija, imapereka mamilimita asanu ndi theka basi. Kuti mwezi udzadze chithunzi kuchokera pansi mpaka pamwamba pamafunika yoposa 2,500mm, apo ndiye kuti tayamba kukamba za telesikopu.

Koma nambala ya 110 yomweyo ili ndi ntchito ina, ndipo apa mpomwe ndakhalitsapo chifukwa mpomwe pagona kukonza chithunzi konse. Kukula kwa mwezi poyerekeza ndi mtengo, nsanja kapena munthu yemwe mwamuika patsogolo sikudalira lenzi ngakhale pang'ono, kumadalira pomwe mwaima inuyo, mumangotenga mtunda wanu kuchoka pa chinthucho nkugawa ndi 110. Mwezi uli kutali moti kaya muyende makilomita angati sukula komanso suchepa, pomwe mtengo uja umachepa mukamautalikira. Ndiye mukaima mamita 20 kuchokera pa munthu, mwezi umakhala wa masentimita 18 poyerekeza naye, wocheperapo ndi mutu wake. Bwererani mpaka mamita 200, mwezi wafika mamita 1.8, munthu wathunthu akukwana mkati mwake. Pa kilomita imodzi wafika mamita 9, nyumba yonse imatha kulowamo. Lenzi yaitali ntchito yake nkungodula kachigawo kakang'onoko nkukakulitsa, zonse ziwiri limodzi, mwezi ndi munthu yemwe. Zithunzi zija timaziona pa intaneti za munthu ali pa njinga mkati mwa chimwezi, zomwe si zabodza, wojambulayo amakhala ali kutali moti amalankhula ndi mnzakeyo pafoni, "sunthira kumanzere pang'ono, ayi wapyola, bwerera".

Ndipo nthawi yochezera pamakhala palibe. Dziko likuzungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza kuti mwezi umasuntha mulingo wa thupi lake lonse pa mphindi ziwiri zokha. Pa lenzi ya 400mm umachita kuuona ukuyenda pa screen, wangoti ukonze focus, wachoka kale pamwamba pa nsanja paja, ndiye wekha unyamule tripod, miyendo itatu yokhazikapo kamera ija, uthamangire cham'mbali kuti uukumanenso. Suyendanso choongoka kupita m'mwamba pokhapokha uli pafupi ndi equator, kwina konse umakwera chopendekera, ndiye uyenera kudziwiratu kuti pofika msinkhu wa denga lija ukhala utasunthira mbali iti. Malo otulukira nawonso amasintha tsiku ndi tsiku, ndipo umachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, nthawi zina zochepa nthawi zina zoposa. Ma app ngati PhotoPills ndi The Photographer's Ephemeris amaonetsa mzere pa mapu, kuti ukaima apa mwezi utulukira apo nthawi yakuti. Ine ndimaona kuti theka la chithunzi limatha masana uli pa mapu, usiku umangokatenga.

Tsiku lomwe ndalikonda si la mwezi wathunthu lenilenilo ayi, koma la dzulo lake. Mwezi wathunthu umatuluka dzuwa likamalowa, pofika poti wakwera bwino kunja kwada, mitengo yangokhala zithunzithunzi zakuda ndipo mwezi ukuwala mopyola muyeso. Tsiku limodzi m'mbuyo umatuluka dzuwa lisanalowe, ku maso umaoneka wathunthu ndithu, thambo likadali labuluu, phiri likadali ndi mtundu wake, ndiye exposure imodzi, kutanthauza kujambula kamodzi kokha, imakwanira zonse popanda kuphatikiza zithunzi.

Za kuwala ndidutsepo mwachangu poti ambiri amazidziwa. Mwezi ukuwalitsidwa ndi dzuwa, ndiye umajambulidwa ngati chinthu cha masana, ngakhale kuti nthaka yake ndi yakuda ngati msewu wa tala wakale, imangobweza pafupifupi 12 peresenti ya kuwala. Kamera ikakhala pa auto imaona mdima wambiri nkutsegula kwambiri, nchifukwa chake kadontho koyera kaja. Poyambira pabwino ndi lamulo lomwe amalitcha Looney 11, kabowo ka lenzi pa f/11, mphamvu ya sensa yomva kuwala pa ISO 100, shutter, nthawi yomwe kamera imatsegula, pa 1/100 kapena 1/125 ya sekondi, kenako nkumasintha. Uli pansi potuluka umafuna kuwala kochulukirapo chifukwa kuwala kwake kukudutsa mu mpweya wambiri, mpweya womwewo ndi umene umaufiiritsa ndi kuufwanyulako m'mbali. Pa foni, dinani pa mwezipo nkutsitsa kadzuwa kaja mpaka mawanga aoneke. Wojambula zithunzi wa ku America Ansel Adams atajambula chithunzi chotchedwa Moonrise, Hernandez ku New Mexico mu 1941 sanaipeze mita yake yoyezera kuwala, anangokumbukira mulingo wa kuwala kwa mwezi nkuwerengera pomwepo dzuwa lisanachoke pa mitanda ya kumanda yomwe ili m'chithunzicho. Mukachiyang'ana chithunzicho mwezi ndi waung'ono ndithu, thambo lakuda latenga malo ambiri, koma diso limathamangira pomwepo.

Mwezi paokha, wopanda china patsogolo, ndi nkhani ina. Wathunthu ndi umene aliyense amathamangira koma kunena zoona ndi wosasangalatsa, dzuwa limaumenya chamaso ndiye mithunzi palibe, umangokhala fulati. Chomwe chimaoneka bwino tsiku limenelo ndi mizere yoyera yochokera pa dzenje la Tycho ndi madera akuda aja ngati Mare Tranquillitatis komwe Apollo 11 inatera mu 1969. Maenje ndi mapiri amatuluka bwino mwezi uli theka, m'mbali mwa mzere wolekanitsa kowala ndi kwa mdima, chifukwa kumeneko dzuwa lili pansi ndipo mithunzi ndi yaitali. Dzenje la Copernicus, la makilomita 93, masiku awiri mwezi utapitirira theka limaoneka ndi makoma ake ndi timapiri ta pakati, likafika tsiku la wathunthu langosanduka banga lowala. Kamwezi kopyapyala kaja nakonso kali ndi zake, mbali yamdima imaoneka mwa phuluphulu chifukwa cha kuwala kobwezedwa ndi dziko lathuli, zomwe Leonardo da Vinci anazifotokoza kalekale, koma kuti mbali imeneyo ituluke pamafunika shutter ya pafupifupi sekondi ndi tripod, uku mbali yowalayo ikupsa.

Tsopano poonetsa anthu. Chiyeso chachikulu ndi crop, kudula mpaka mwezi udzadze paliponse, mapeto ake chithunzi chili ndi timadontho ndipo chikufanana ndi cha wina aliyense, sinanga mwezi umatilozetsa nkhope imodzimodzi tonsefe. Ndayamba kusiya malo, mwezi cham'mbali, mpata waukulu kumbali yomwe ukuyang'ana kapena komwe ukulowera. Ukakhala wathunthu wokha, pakati penipeni pa chithunzi cha sikweya pamauyenera, palibe chifukwa chokakamira lamulo la magawo atatu, loti chinthu uzichiika cham'mbali osati pakati. Sharpening, kunola chithunzi kuti chizioneka chakuthwa, ikachuluka m'mphepete mumabwera kamzere koyera kozungulira, ukakaona kamodzi sungalekenso kukaona pa zithunzi za anthu. Thambo lakuda nalonso limavuta, WhatsApp ndi Facebook zimafinya chithunzi ndiye mdima wosalala uja umasanduka mizeremizere, bola kuchichepetsa wekha usanatumize kapena kutumiza ngati document.

Kutembenuza chithunzi si mlandu. Wa ku Johannesburg ndi wa ku London amaona mwezi womwewo chozondoka wina kwa mnzake, ndiye palibe mbali yomwe ndi "kumwamba" kwenikweni. Ngakhale chithunzi cha dziko lathuli chotchedwa Earthrise, chomwe William Anders anajambula pa 24 December 1968 ali mu Apollo 8, chinajambulidwa nthaka ya mwezi ili choimirira chakumanja, anthu anachitembenuza kuti dziko lizioneka ngati likutuluka. Adams nayenso m'zaka zotsatira ankadetsa thambo la Hernandez kuposa m'ma print oyamba. Zoterezi ine ndilibe nazo vuto, zinthu zonse zili pomwe zinali.

Pomwe ndimakayikira ndi pomata mwezi wa 600mm pa chithunzi cha mzinda cha 24mm nkungolemba kuti "usiku wa dzulo". Ukaphunzira masamu aja zimagwidwa msanga, chimwezi chachikulu kuposa nyumba yomwe ukuchita kuona kuti wojambula anaima pafupi nayo, mwezi uli kutsogolo kwa mitambo, nyenyezi zili mkati mwa mbali yamdima ya kamwezi kopyapyala ngati kumeneko kulibe mwala, kapena mwezi wathunthu uli pambali pa dzuwa lolowa pomwe umayenera kukhala mbali inayo ya thambo. Mbali yowala imaloza komwe kuli dzuwa nthawi zonse, ikaloza kwina ndiye kuti wina wamata. Mafoni nawo alowerera, mu 2023 munthu wina pa Reddit anaika pa kompyuta chithunzi cha mwezi chomwe anachita kuchisokoneza dala kuti chisaoneke bwino, nkuchijambula ndi foni ya Samsung, foniyo inatulutsa mwezi wa mawanga ooneka bwino omwe pa screen paja panalibe. Kampaniyo inafotokoza kuti foni ikazindikira mwezi imagwiritsa ntchito AI kuwonjezera tsatanetsatane, ndipo mbali imeneyo itha kuzimitsidwa.

Kuphatikiza zithunzi pakokha sindikukutsutsa, a telesikopu amasanja mafelemu mazanamazana a vidiyo kuti achotse kugwedera kwa mpweya ndipo amanena poyera, komanso exposure ziwiri za malo amodzi nthawi imodzi nthawi zina ndi njira yokhayo yoti mwezi ndi mtengo zonse zioneke. Ine pansi pa chithunzi ndikumalemba tsiku, nthawi, lenzi, mtunda womwe ndinaima kuchoka pa chinthu cha patsogolocho, ndi mawu oti "exposure imodzi" kapena "ziwiri zophatikiza". Ka mtunda kaja ndi komwe anthu amafunsa kwambiri, akaona 800m amayamba adabwa kenako nkufunsa kuti ndiye nsanjayo ndi yaitali bwanji.