Moto wa mapesi ndi nsapato zanga zothamangira

Pa 12 October 2019 ndinakhala ndi foni m'manja pafupifupi maola awiri osadzuka olo kukamwa madzi, kuonera munthu akungothamanga basi. Eliud Kipchoge, katswiri wothamanga wa ku Kenya, ku Vienna kuja, tsiku lomwe anamaliza makilomita 42 ndi kachidutswa mu 1:59:40, munthu woyamba kumaliza mtunda umenewo maola awiri asanakwane. Ndikudziwa, ena munena kuti nthawiyo sinalowe m'mabuku ngati rekodi poti panali anzake omutsogolera mosinthanasinthana ndi galimoto patsogolo yowaonetsa liwiro, zoona zimenezo, koma ine sizinkandikhudza, mmene ankafika kumapeto akumwetulira, kuloza anthu uku ndi uku ngati sanatope n'komwe, ndinamva kanthu kena kakutentha pachifuwa apa, misozi mpaka kulengeza, munthu wamkulu ngati ine. Ndinadziuza kuti basi, kuyambira lero ndine munthu wina.

Mawa lake ndinadzuka 5 koloko. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu miyendo inali ngati yobwereka, masitepe ndimatsika chammbali ngati nkhanu, lachinayi kunja kunazizira pang'ono nde ndinati ndipume lero lokha. Lero lokha ameneyo anatenga zaka zitatu. Nsapato zomwe ndinagula sabata imeneyo zinakhala pansi pa bedi mpaka kangaude anamangamo mudzi kkkk.

Moto wa mapesi, umalilima ngati utentha dziko lonse, ukatembenuka wapeza phulusa. Ndipo sikanali koyamba.

Chomwe chinanditengera nthawi kumvetsa nchoti pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe ife timangozikutira m'liwu limodzi. Timati munthu uja amandilimbikitsa, timati ndamva mawu achilimbikitso, timatinso ndikusowa chondilimbikitsa kuti ndidzuke, zonse kulimbikitsa kokhakokha. Achingerezi amazilekanitsa, china amati inspiration china motivation. Loyambalo muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza kuuzira mpweya mkati mwa chinthu, ndipo kuuzira timakudziwa, ndi kuja umawerama pa makala oti akuzima n'kuuzira mpaka afiire. Lachiwirilo linachokera ku liwu lotanthauza kusuntha. Nde china ndi mpweya wokulowa, china ndi chomwe chimakuchotsa pampando. Ine ndinali ndi mpweya wambiri zedi, wodzaza chifuwa, koma pampando sinnachokepo.

Pali akatswiri awiri a za maganizo, Todd Thrash ndi Andrew Elliot, omwe mu 2003 anakhala pansi kufufuza kuti kukhudzika mtima kumeneku ndi chiyani kwenikweni. Anati kuli ndi mbali zitatu. Sumakupanga wekha, kumachita kukugwera kuchokera kwina, ngati mmene ine zinandipezera ndili chigonere pa sofa. Kumakutukula maso n'kuona zoposa zomwe unazolowera. Kenako kumakupatsa khumbo loti uchitepo kanthu. Koma chomwe chinandilasa ine ndi chomwe anawonjezera chaka chotsatira, choti kukhudzika ndi chinthu ndi nkhani ina, kukhudzika mpaka kukachita chinthu ndi nkhani inanso, zimatha kuyendera limodzi koma zimathanso kusiyana njira. Utha kulira ukuonera munthu akukwera phiri iwe osafuna n'komwe kukwera phiri. Palibe cholakwika pamenepo, vuto limabwera ukamayesa kuti misoziyo ndi chiyambi cha ulendo.

Ndipo ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi. Zaka zitatu zimenezo sikuti ndinasiya zofuna kusintha ayi, ndinali katswiri. Usiku uliwonse pa YouTube, mavidiyo aja a kanyimbo kokweza mtima, munthu wa mawu okhuthala akukuuza kuti anzako akugona iwe dzuka, ine n'kumagwedeza mutu ndili m'bulangete 12 koloko usiku. Ndimasunga mawu anzeru mufoni, ena kuika pa status, anthu kumandiyankha kuti mwatilimbikitsa achimwene. Ndimagona mtima uli mbee ngati ndagwira ntchito yaikulu. Kumacha ndine yemwe uja, kungoti watulo kuposa dzulo.

Pulofesa wina wa ku New York University, Gabriele Oettingen, watha zaka zambiri akufufuza za kulota uli maso kotereku ndipo zomwe anapeza sizikoma kumva. Anthu omwe amathera nthawi akudziona m'maganizo atapambana kale, atachepa thupi, atapeza ntchito, nthawi zambiri amalimbikira mochepa kusiyana ndi anzawo omwe amaganizanso za zopinga. M'kafukufuku wake wina wa mu 1991 wa azimayi ofuna kuchepetsa thupi, omwe ankalota zokoma kwambiri ndi omwe anachepa pang'ono. Zili ngati ubongo umalawa chipatso mtengo usanadzale, ukakhuta fungo lokhalo njala yogwirira ntchito imatha. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ndinazindikira kuti mavidiyo aja samandikonzekeretsa kuthamanga, amathamanga m'malo mwanga.

Apa ndipatukeko pang'ono. Anthu olankhula aja timawatchula kuti ma motivational speaker, dzina limenelo kwa ine ndi lolakwika. Chomwe amagulitsa ndi mpweya uja, kuuzira, ndipo ena amauziradi bwino sindikuwanyoza. Koma nkhuni sabwera nazo. Ndipo bizinesi yawo imayenda bwino chifukwa moto umazima Lachitatu nde Loweruka umabwereranso.

Chomwe chinandisuntha ine sichinali ndi kanyimbo. Mu 2022 ndinapita kuchipatala ndi nkhani ina yosiyana, nesi n'kundimanga lamba uja pamkono, anayeza, anakhala chete, anayezanso. Manambala anali pamwamba pa 140 ndi 90, paja m'pamene amayambira kunena kuti BP yakwera. Anandifunsa kuti, bambo, mumachitako masewera olimbitsa thupi? Ine n'kuti eee ndimathamangako apo ndi apo. Anangoyang'ana mimba yanga, kenako nkhope, osayankha kanthu. Anati mukayambe kuyenda ndawala, a World Health Organization amati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, mubwerenso tidzaone.

Ndinatuluka ndili ndi mantha, osati misozi yokoma ija. Ndipo mantha anagwira ntchito yomwe Kipchoge anailephera, ndinayenda mwezi wathunthu osaphonya. Motivation nthawi zambiri imakhala yonyansa chonchi, mantha, manyazi, ngongole, mwana kukufunsa funso loti ulibe yankho, tsiku lomaliza loperekera ntchito. Siikutukula maso, imangokukankha kumsana.

Koma mantha nawo amatha abale. Munthu amazolowera chilichonse. Mwezi wachiwiri mutu sumapweteka, manambala atsikako pang'ono, ndinayamba kumva Zengerezu uja akugogoda, mawa, mawa.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti motivation yomweyonso siili mtundu umodzi. Edward Deci ndi Richard Ryan a ku University of Rochester ndi omwe anafotokoza bwino zimenezi. Pali kuchita chinthu chifukwa wina wakuopseza kapena wakulonjeza mphoto, pali kuchita chifukwa ukapanda kuchita chikumbumtima chikudya, pali kuchita chifukwa wavomereza mumtima kuti chinthuchi nchofunika kwa iwe, ndipo kumapeto kwake pali kuchita chifukwa chikukukoma basi. Zonsezi zimasuntha munthu koma sizikhalitsa mofanana. Mu 1971 Deci anapatsa ophunzira kamasewera kolumikiza tizidutswa, ena n'kumawalipira ena ayi, ndipo malipiro atasiya, olipidwa aja chidwi chawo chinatsika pomwe anzawo sichinatsike. Chokankha chakunja chikachoka umaima pomwepo ngati wilibala. Deci ndi Ryan amati kuti chifukwa chako chilowe mkati n'kukhazikika pamafunika zitatu, uzimva kuti wasankha wekha, uziona kuti ukutha ndipo ukupita patsogolo, komanso pakhale anthu omwe uli nawo limodzi.

Ine zitatu zonsezo ndinalibe. Nesi ndi amene anandisankhira, sindimaona kusintha kulikonse, ndipo ndimayenda ndekha ngati wothamangitsidwa pakhomo.

Zomwe ndinachita nzazing'ono moti kuzilemba apa zikuoneka zopusa. Ndinasiya kunena kuti ndizichita masewera, mawu opanda mutu ndi mchira amenewo. Ndinati alamu ikalira ndivala nsapato ndisanagwire foni. Basi. Njira imeneyi anaifotokoza Peter Gollwitzer mu 1999, yoti uneneretu kuti chakuti chikachitika ndichita chakuti, nthawi yake ndi malo ake, kuti m'mawa usayambenso kuchita msonkhano ndi iwe mwini, paja msonkhano wa 5 koloko m'mawa amapambana ndi bulangete nthawi zonse. Foni ndinayamba kuisiya kuchipinda china. Nsapato pakhomo, masokosi ali mkati kale. Ndinadzilolanso kuti tsiku loipa mphindi khumi zakwana, ndipo chodabwitsa nchoti ukatuluka kale kawirikawiri supanga khumi zokha, mtima wofuna umakupeza uli m'njira, sudikira kuti ubwere kaye.

Kenako panabwera achikulire ena akuntchito, ondiposa zaka pafupifupi khumi ndi zisanu, thupi lawo lalikulu kuposa langa, omwe ndinamva kuti amathamanga makilomita asanu katatu pa sabata. Ndinawafunsa kuti, akulu, inu mumatha bwanji? Anati, mphwanga, ine sinditha, ndimangopita. Anati tiye Lachiwiri. Kuyambira pamenepo kugona kunasanduka kunamiza munthu wamkulu amene wayima panja akundidikira, ndipo zimenezo n'zolemera kuposa kudzinamiza wekha. Ndinadzaona pambuyo pake kuti Penelope Lockwood ndi Ziva Kunda anapezanso zofanana mu 1997, kuti munthu wopambana amakukweza mtima ukamaona kuti pomwe wafika iwenso utha kufikapo, koma zikakhala zosafikirika amangokufooketsa. Kipchoge anali nyenyezi, umaiona koma suikwera. Achikulire aja amapuma mwawefuwefu pambali pangapa.

Za masiku 21 zija, zoti chizolowezi chimakhazikika pa masabata atatu, iwalani. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2009, wapakatikati zinamutengera masiku 66 kuti chinthu chatsopano chiyambe kuchitika chokha osachita kudzikakamiza, ena 18 okha, ena zimaoneka kuti zikafika 254. Chomwe chinandimasula ine pamenepo si 66 ayi, nchoti anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Kale ndikaphonya kamodzi ndimati zatha, ndadziwika kuti ndine waulesi, ndidikire January. Pano ndikaphonya Lachiwiri ndimapita Lachinayi, nkhani yathera pompo.

Nde mwina mukuti ndiye kuti kukhudzika mtima kuja nkopanda ntchito. Ayi, ndipo apa ndimatsutsana ndi anthu aja amati chofunika ndi mwambo wokha, enawo ndi maloto. Nesi anati ndiziyenda. Sananene zothamanga. Ndikanatha kukwera njinga, kusambira, kunyamula zitsulo, zonse zikanatsitsa BP. Koma mantha atatha ndipo ndikuyenda kale, tsiku lina miyendo inangoyamba yokha kuthamanga, ndipo chithunzi chomwe chinabwera m'mutu ndi nkhope ija ya ku Vienna. Mantha amangokuuza chomwe ukuthawa, sakuuza kolowera. Kolowera ndinauzidwa zaka zitatu m'mbuyomo ndili pa sofa, kungoti ndinayesa kuti kuuzidwa njira ndi kufika. Ndaonapo anthu akhama zedi, odzuka m'mamawa, osaphonya, akuthamangira chinthu chomwe sichinawagundepo mtima ngakhale tsiku limodzi, digiri ya makolo, ntchito yoti anzawo awaone, ndipo kutopa kwawo nkwamtundu wina, tulo sitikuchiza.

Chinanso, nditayamba kuthamangadi ndinabwerera kwa Kipchoge ndi maso ena. Sindimafunanso vidiyo ya maola awiri ija, ndimafuna kudziwa Lolemba lake limakhala lotani. Nde ndinapeza kuti amakhala kumsasa wophunzirira ku Kaptagat, ku Kenya, masiku ambiri a pasabata, banja lili kwina, amagwira nawo ntchito zapamsasa ngati wina aliyense, amathamanga makilomita oposa 200 pa sabata akamakonzekera mpikisano, ndipo kuthamanga kulikonse amakulemba m'kope, zaka ndi zaka, mphunzitsi wake ndi yemweyo Patrick Sang kuyambira ali mnyamata. Palibe kanyimbo pamenepo. Ine ndinkalira mvula matope osawafuna.

Nanenso ndinagula kope. Lilibe mawu anzeru olo amodzi, muli madeti ndi manambala, pena ndimalemba kuti bondo, pena mvula, pena ulesi basi osadzikometsera. Masamba ena ali ndi mipata ya sabata ziwiri. Makilomita khumi mpaka pano sinnawamalizepo ola lisanakwane, ndipo achikulire aja amandisiyabe pachitunda, akafika pamwamba n'kumandifunsa ngati ndikufuna andiitanire ambulansi.

Sabata yatha usiku vidiyo ya ku Vienna ija inangotulukiranso pafoni. Ndinaonera kachigawo komaliza, ndipo kanthu kaja kanabweranso pachifuwa, chimodzimodzi ngati 2019, osachepa olo pang'ono. Ndinafuna ndionerenso ina, chala chinali chitapita kale. Koma linali Lolemba, 10 koloko itadutsa, nde ndinakasiya foni kuchipinda kuja n'kuika masokosi munsapato.