Zokonzekera nyengo ya ng'ona ku Louisiana: zingwe zatha, yatsala nkhani ya mfuti

Ntchito ya zingwe zogwirira ng'ona tamaliza. Ku Louisiana, m'dziko la America, nyengo yosaka ng'ona za mtundu wa aligeta imatsegulidwa Lachitatu lomaliza la Ogasiti kuchigawo chakum'mawa, ndipo kumadzulo ndi Lachitatu loyamba la Seputembala. Lamulo limafuna chingwe chopirira mapaundi 300, pafupifupi makilogalamu 136. Chingwecho mumachimangirira kumtengo wolimba, kenako n'kuchipanitsa ndi pegi yoyanikira zovala kunsonga ya ndodo kuti nyambo ya nkhuku yowola izilendewera pamwamba pa madzi. Ikakhala pafupi kwambiri ndi madzi, tiana ta ng'ona ndi tomwe timaimeza, ndiye muikweze kuti ifikiridwe ndi zazikulu zokha.

Pali chinthu chomwe ogula mfuti koyamba ayenera kuchimva asanatulutse ndalama: shotigani, mfuti yomwaza tizipolopolo tambiri nthawi imodzi, siloledwa posaka ng'ona ku Louisiana, ngakhale kungokhala nayo pa nthawiyo. Ku Florida, pa ulenje wa ng'ona wotsegulidwa kwa anthu onse, mfuti wamba siiloledwa n'komwe, amagwiritsa ntchito bang stick, ndodo yomwe imaphulitsa chipolopolo ikagunda mutu wa ng'ona yogwidwa kale. Alenje ambiri a ku Louisiana amadalira mfuti yaing'ono ya .22 Magnum. Malo olasa ndi kadera kakang'ono kumbuyo kwenikweni kwa chigaza, pomwe mutu ukumana ndi khosi. Pamwamba pa chigaza fupa ndi lolimba moti chipolopolo chimatha kunjanja n'kuboola boti kapena kuvulaza mnzanu. Ng'ona ikafa, chizindikiro cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakuthengo, chimangidwe kumchira nthawi yomweyo, ndipo nyamayo iikidwe pa ayezi msanga chifukwa kutentha kumawononga chikopa.

Choncho shotigani yomwe tikusankha ndi ya abakha m'madambo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo mdani wake ndi mchere. Pa zotsika mtengo, mtima wathu uli pa Maverick 88, mng'ono wake wa Mossberg 500. Thupi lake ndi la aluminiyamu, chogwirira n'chapulasitiki, sichifufuma chikanyowa ngati chamtengo. Remington 870 Express ndi mfuti yolimba, koma thupi lake lachitsulo limachita dzimbiri msanga mukaligoneka lonyowa. Zokutidwa mwapadera monga Mossberg Mariner ndi 870 Marine Magnum zimapirira mchere bwino, vuto mpope wake ndi waufupi, mainchesi 18 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umamwaza zipolopolo mofulumira. Pa abakha tengani ya saizi ya 12 gauge, chemba (molowa katiriji) ya mainchesi 3, mpope wa mainchesi 28 ndi choke ya modified, kachitsulo kakunsonga kwa mpope komwe kamachepetsa kumwazika kwa zipolopolo. Zipolopolo za mtovu zinaletsedwa posaka mbalame za m'madzi ku America konse mu 1991, ndipo mfuti isalowe makatiriji oposa 3.

Dzimbiri limayambira mobisika. Choke imamatirira mumpope mpaka kukanika kumasuka, n'chifukwa chake mizere yake ipakidwe girizi nyengo isanayambe. Sipuling'i ya m'chubu chosungira makatiriji ikadyeka, katiriji wachiwiri satuluka bwino. Mukachoka kumadzi, chotsani makatiriji onse, masulani mpope, pukutani mchere ndi kansalu konyowetsa m'madzi abwino, umitsani, kenako pakani mafuta pang'ono. Musaisiye m'chikwama chansalu chonyowa, chimasunga chinyezi usiku wonse.

Chotsatira ndi kuyesa mfutiyo papepala lalikulu pa mayadi 40 ndi zipolopolo zachitsulo nambala 2 ndi 4, kuti tione momwe choke ikuzimwazira.