Lero ndabweza sitima zanga kudoko

Madzulo a lero ndapitiriza masewera apakompyuta a Hearts of Iron IV, momwe ndikutsogolera dziko la Italy, ndipo nthawi yambiri yathera pa nkhondo imodzi ya panyanja ya Mediterranean. Gulu langa la sitima zankhondo linakumana ndi la Britain kumwera kwa chilumba cha Crete. Poyamba mphamvu zinkaoneka zofanana, mpaka pamene ndege zonyamuka pa sitima yawo yonyamula ndege zinayamba kutikhuthulira mabomba.

Nkhondo ikafika povuta, maso anga sakhala pa sitima zikuluzikulu, koma pa mzere wa sitima zing'onozing'ono zaliwiro, ma destroyer, zimene zimatchinga kutsogolo. Mzerewo ukang'ambika, ma torpedo a mdani, mabomba oyenda m'madzi, amadutsa mosavuta n'kukaphulitsa sitima zazikulu, zomwe kuti imodzi imangidwe pamapita zaka za m'masewerawa. Choncho nditaona ma destroyer anga akumira motsatizana, ndinalamula gulu lonse kuti lisiye nkhondo ndi kubwerera kudoko la Taranto, kumwera kwa Italy, ngakhale kuti mizinga yanga ikuluikulu inali ikuwomberabe.

Kuthawa sikuchitika nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pamene mtima umawawa. Sitima zimachoka pang'onopang'ono monga mwa liwiro lake, mdani akuziwombera kumsana. Cruiser yanga ina, sitima yokulirapo kuposa destroyer, yomwe inali itavulala kwambiri, inatsalira m'mbuyo, ndipo ndinaona kamzere kosonyeza mphamvu zake kakufupika pa sikirini. Dzanja linkafuna kubweza anzake kuti akaiteteze, koma ndinakumbukira zimene zinachitikadi ku Cape Matapan, kumwera kwa Greece, mu Marichi 1941. Kumeneko mkulu wa gulu la sitima zankhondo za Italy, Angelo Iachino, anabweza sitima za Zara ndi Fiume usiku kuti zikathandize sitima ya Pola imene inali itaima chifukwa cha torpedo, ndipo asilikali a Britain, omwe anali ndi radar, chipangizo chodziwira pamene pali sitima ngakhale mumdima, anamiza zonse zitatu pamodzi ndi ma destroyer awiri. Yanga ndinaisiya, ndipo inamira yokha.

Ena mwa osewera amati kubwerera m'mbuyo ndi mantha, koma ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Sitima yokhala padoko imakonzedwa, asilikali ake amasunga luso limene apeza pankhondo, komanso mdani sangatumize katundu wake panyanjapo ali phee, podziwa kuti tsiku lililonse ingathe kutulukanso. Yomira yapita basi.

Ndisanazimitse kompyuta ndasintha lamulo la gululi kuti lizipewa mdani wamphamvu kuliposa, ndasamutsira ndege zoponya ma torpedo ku Sicily, ndipo malo ambiri omangira sitima ndawapatsa ntchito yopanga ma destroyer. Sitima zazikulu zikhala ku Taranto mpaka mzere wozitchinga utadzazanso.